A Medson ndi Gulo Wokweza Dzanja

A Medson Kachingwe anali munthu wa phazi loyabwa. Kwawo ku Balaka amayi awo ankati mwanayu anabadwa atatsogoza miyendo, n'chifukwa chake mpando umamuwotcha. Ali mnyamata anakhalapo kondakitala wa basi ya pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, kenaka kalaliki wa mosungira katundu ku minda ya tiyi ku Thyolo, kenaka n'kukapezeka ali ku Joni akupenta nyumba za eni. Sanachotsedwepo ntchito kulikonse. Ankagwira bwino, mabwana n'kuyamba kuwakhulupirira, ndiye tsiku lina m'mawa ankangodzuka mtima uli kwina.

Ku Toronto anawakokera ndi akazi awo, a Selina, namwino wofatsa amene anapeza ntchito pa chipatala china chachikulu m'tauni ndipo sanasinthepo chibwerereni. Anakhazikika ku Scarborough, dera la kum'mawa kwa mzindawo, m'nyumba zosanja za m'mbali mwa msewu wa mabasi, ndipo n'komwe anabadwira mwana wawo mmodzi yekhayo, Nthanda. A Medson anapitiriza zawo zija. Ananyamulapo makatoni, anakolopapo maofesi, anasamalirapo okalamba. Amayi a kutchalitchi akawafunsa a Selina kuti amapirira bwanji, iwo ankangoti, "Wakwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima."

Ntchito imene inawagwira mtima inali yoyendetsa kagalimoto konyamula okalamba kupita nawo ku zipatala. Tsiku lililonse msewu wina, khomo lina, nkhope zina. Anakhalapo nthawi yaitali mpaka a Selina anayamba kuganiza kuti mwina phazi lija lapola.

Chaka chimenecho Nthanda anali atayamba koleji ku Oshawa, tauni ina yofikako pa sitima. Atabwera ku tchuthi cha Khirisimasi anatulukira atanyamula bokosi lagalasi, kanyama kake kali m'kati, katakhala pa nthambi youma pansi pa nyale. Kanali kabuluzi kotalika ngati chikhatho, kamtundu wa dothi louma, kokhala ndi timinga pansi pa chibwano.

"Ameneyu ndi gulo," anatero a Medson atasuzumira. "Kwathu tinkawagenda pamitengo awa."

Nthanda anayankha m'Chingerezi, monga ankachitira masiku onse makolo ake akamulankhula Chichewa, kuti si gulo koma chiweto chochokera ku Australia, ndipo dzina lake ndi Mbatata. Mwa mawu ochepa a Chichewa amene ankawadziwa, limeneli n'limene linkamukomera pakamwa. Tchuthi chitatha m'pamene zinadziwika kuti kumalo ogona ana asukulu salola ziweto. Nthanda analemba pa foni ya bambo ake nthawi yoyatsa nyale ndi kodyetsedwe kake, anawapsompsona patsaya, n'kukakwera sitima.

"Ine za abuluzi m'nyumba ayi," anatero a Selina. "Mwana wanu, gulo wanu."

A Medson sanaone vuto. M'mawa ankaponyamo tinkhululu tamoyo togula kusitolo ya ziweto, n'kuduliramo timasamba, n'kutuluka jekete ali kuvalira pakhomo. Kanyamako sankakayang'ana n'komwe.

Mwezi wa Januwale uli pakati, akutsitsa mayi wina wokalamba pa njinga yake ya olumala, anaponda pamene madzi anaundana. Njinga sanaitaye, mayiyo sanagwe, koma bondo lawo la kumanja linapindika molakwika. Anawachita opaleshoni n'kuwauza kuti akhale pakhomo mpaka nyengo yozizira itatha.

Kwa munthu wina ukanakhala mpumulo. Kwa a Medson inali ndende. A Selina akangotuluka kupita ku shifiti, iwo ankatenga ndodo zawo zoyendera n'kuyamba: kuchoka kuchipinda kupita kukhitchini, kuchoka kukhitchini kupita pawindo, kuyang'ana mabasi pansipo akuponda chipale chakuda, kubwerera. Ankatsegula firiji osafuna kanthu. Ankayatsa wailesi ya kanema n'kuizimitsa nkhani zisanathe. Mzimayi wa nyumba yapansi pawo anafika pokwera kudzafunsa ngati kuli amisiri akukhoma zinthu.

Ndi m'kuzungulira kumeneku m'mene anakaona. Bokosi lagalasi lija linali pa tebulo lalifupi pafupi ndi windo. Akudutsa, Mbatata anaima ndi miyendo itatu, n'kukweza mwendo wakutsogolo pang'onopang'ono, kuuzunguza m'mwamba ngati munthu wosambira m'maloto, n'kuutsitsa. Kenaka anakweza winawo n'kuchita chimodzimodzi.

A Medson anaima. Anaweramira pafupi kuti aone bwino. Kanyamako kanabwerezanso.

Poyamba anaseka, ati kawapatsa moni, iwonso n'kukabayibitsa. Koma tsiku lonse kanali kuchita zomwezo, ndipo m'mawa mwake tinkhululu tina tinatsala tikudumphadumpha m'bokosi osadyedwa. Kuseka kunatha. Anakumbukira agogo ena amene ankawanyamula pa galimoto, amene dzanja lawo linkadzuka lokha atadwala sitiroko. Anaganiza za kuthyoka, anaganiza za tsemwe, anaganiza kuti kapena nyale ikukawotcha mapazi. Anaizimitsa. Kanyamako kanada khungu n'kufooka. Anaiyatsanso.

"Mayi a Nthanda, tabwerani mudzaone," anatero madzulo a Selina atangolowa. "Inu ndinu a chipatala."

A Selina anayang'ana ali chapatali, chikwama chili paphewa. "Ine ndimasamala anthu. Koma kwathu chinthu chikamachita zachilendo chonchi timati malodza. Bondo lathyoka kale, tsono chikufunanso chiyani?"

"Musamatero. Kanthu ka mwana aka."

"Muimbireni mwini wake."

Nthanda anali m'kalasi. Anangotumiza uthenga wa mawu awiri atatu woti asadandaule, zimatero. A Medson anaimbanso, osayankhidwa. Anagugula okha pa foni, n'kupeza anthu akutsutsana: ena ati ndi moni, ena ati ndi mantha, ena ati ndi matenda a mafupa ndipo kanyama kakhoza kufa. Mawu omalizawa ndi amene anawakhala m'mutu. Ankadziona akuimbira Nthanda kumuuza kuti chinthu chimodzi chimene anawasungitsa pamoyo wake wonse chawafera m'manja.

Loweruka kunabwera mnzawo, a Boniface, m'Zambia wa ku Chipata amene amawerengera makampani chuma m'tauni ndipo amaimba nawo kwaya imodzi. Anapeza a Medson atavala kale jekete, katoni ya nsapato ili pamiyendo, m'kati muli thaulo, botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'sokosi, ndi Mbatata.

"Manje imwe ba Medson, mwendo uli so, muyenda kuti?"

"Ndabukitsa kwa dokotala wa ziweto. Ndimati ndikwere basi, koma poti mwabwera, tiyeni."

A Boniface anatsegula katoni pang'ono n'kutsekanso. "Ni buluzi chabe uyu. Ku Chipata bakamvela ati tapeleka buluzi ku chipatala na motoka, bazakamba ati chisanu chationonga mitu."

Koma anawagwira mkono mpaka mu chikepe, n'kuyatsa chotenthetsa cha m'galimoto mpaka onse awiri kuchita thukuta. Panjira a Medson anali maso kunja, akutchula misewu imene ankadutsa ndi okalamba awo. Kanali koyamba kutuluka chivulalireni, ndipo ngakhale anali ndi nkhawa, anapempha a Boniface kuti adzere njira yozungulira.

Dokotala anali mtsikana wamng'ono thupi, wolankhula mofulumira. Anamuika Mbatata pachikhatho, kumupinda miyendo umodziumodzi, kumutsegula kukamwa, kumuyeza kulemera. Anati mafupa ali bwino, ndipo nyale ndi chakudya n'zoyenera. A Medson anafotokoza za dzanja lija, mpaka anaika ndodo pambali n'kuyerekeza ndi mkono wawo. A Boniface anatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka.

Dokotalayo anati si matenda. Ndi mmene tinyamati timalankhulirana, makamaka tikakhala tating'ono. Kakaona chinthu chachikulu, kamakweza dzanja ngati kunena kuti, ndakuonani, ine ndine wamng'ono, sindikulimbana nanu. Kuchita apo ndi apo si nkhani, ndipo tambiri timasiya tikamakula. Koma kakamachita tsiku lonse mpaka kuchepetsa kudya, ndiye kuti pali chimene kakuona chosakapatsa mpata wopuma. Anafunsa ngati m'nyumbamo muli mphaka kapena galu. Munalibe. Anafunsa ngati bokosi lili pafupi ndi windo lodutsa mbalame, ndiponso ngati kamadziona chithunzithunzi chake m'galasi n'kumayesa mnzake.

"Nanga pali munthu amene amadutsadutsa pafupi ndi bokosilo?" anafunsa pomaliza.

A Medson anayang'ana ndodo zawo. A Boniface ndiwo anayankha, nkhope ili yoongoka, kuti alipo mmodzi.

Atafika kunyumba a Medson sanavule n'komwe jekete. Anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi, mwendo wovulalawo atautambasula, n'kuika diso m'mbali mwa bokosi kuti aone zimene Mbatata amaona. M'galasi la mbali inayo munkaonekadi nthambi yachiwiri ndi nyale yachiwiri. Pakhonde, kuseri kwa windo, nkhunda zinali kutera ndi kuuluka, mithunzi yake ikusesa pabokosi. Anapempha a Boniface kuti ayende monga amayendera iwo. A Boniface anatenga ndodo zija n'kudutsa, ndipo a Medson anaona chimthunzi chachikulu chikudzera kumwamba, tebulo likunjenjemera pa kugunda kulikonse kwa ndodo.

Zinthu ziwiri zoyambazo zinali zosavuta. Anamata mapepala a khaki kunja kwa magalasi, kusiya kutsogolo kokha, ndipo a Boniface anasamutsira tebulo pakona yakutali ndi windo. Chachitatucho ndicho chinali ntchito. Nyumba yake inali yaing'ono, ndipo panalibe njira yochokera kuchipinda kupita kukhitchini yosadutsa pabalaza.

Anayesa kuzungulira m'chipinda chogona chokha, koma munali mothina moti anagunda bondo pa bedi. Anayesa kuyenda m'khonde lalitali la pakati pa nyumba, kuchoka pa chikepe kufika pa makwerero, mpaka anthu a makomo enawo anayamba kusuzumira. Ankabwerera, kukhala pa sofa, mwendo wabwinowo ukugwedezeka wokha. Pasanathe nthawi ankapezeka aimirira osadziwa kuti aimirira liti, ndipo pakona paja kadzanja kankakwera.

"Pepani, achimwene," ankatero, n'kukhalanso.

Dokotala anali atanena kuti podyetsa azidzera m'mbali, motsika, osati kumwamba ngati kabawi. Choncho m'mawa uliwonse ankatsetsereka ndi khoma kukhala pansi. Kutsika kunali kosavuta, koma kudzuka ndi bondo limenelo kunali nkhondo, ndiye akakhala ankakhaliratu. Poti pakamwa pawo sipankathanso kukhala chete, anayamba kumulankhula Mbatata. Anamuuza za basi imene inafera pa Zalewa itadzaza anthu ndi nkhuku, za mvula ya ku Thyolo, za mzungu wa ku Joni amene anawapentetsa nyumba yonse mtundu wobiriwira n'kusintha maganizo atamaliza. Mbatata ankapendeketsa mutu, diso limodzi lili pa iwo. Patapita masiku anayamba kutsika panthambi n'kutola kankhululu pa zala zawo.

Si kuti mtima unakhala pansi. Foni inali m'dzanja linalo, ndipo m'menemo ankafufuza ntchito za madalaivala m'mizinda ya kumadzulo kwa dzikolo, kumene anamva kuti misewu yake ndi yaitali ndipo munthu amayenda tsiku lonse osaona nyumba. Tsiku lina anawaonetsa a Selina.

A Selina anavula nsapato za kuntchito, n'kukhala pa sofa, n'kuwayang'ana amuna awo ali pansi pambali pa bokosi la buluzi.

"Bambo a Nthanda, ine ndakutsatani m'maganizo anu zaka zonsezi. Apa ndiye ndafika. Mukafuna kupita, pitani, mudzandipeza pompano. Koma muyambe mwadzuka pansipo popanda kugwira khoma."

A Medson anayesa. Sizinatheke. A Selina anawapatsa dzanja, ndipo nkhani ya kumadzulo sinatchulidwenso sabata imeneyo, ngakhale foni sinasiye kufufuzidwa.

Nthanda anayamba kuimba pa kanema Lamlungu masana kuti aone chiweto chake. Poyamba ankangoti amulozetsere foni ku bokosi. Tsiku lina bambo ake anaiwala kuti foni ili yoyaka, n'kupitiriza kuuza Mbatata za ulendo wawo woyamba wa ku Joni, mmene anagonera pa depoti atatsamira chitini cha penti. Nthanda anamva mawu apa ndi apo. Anafunsa m'Chingerezi kuti depoti ya kuti, ndipo anali ndi zaka zingati. Iwo anayankha m'Chichewa, n'kumasulira pamene mwanayo wasochera. Anacheza mpaka batire linatha. Kuyambira ali wamng'ono, Nthanda ankawadziwa bambo ake ngati munthu wotuluka pakhomo makiyi ali m'manja. Sanadziwe kuti ali ndi nkhani.

Lamlungu lotsatira iye ndiye anayamba. "Adadi, muli bwanji? Mbatata ali bwanji?" Mawuwo anatuluka mokhota, koma anatuluka.

"Tonse tili bwino, mama. Mnzanuyu wafundula khungu, ndiye wakwiya pang'ono."

Mawu oti kufundula anatenga nthawi kuti amveke, mpaka a Selina analowererapo ali kukhitchini.

Chipale chitayamba kusungunuka, a Medson anasiya ndodo imodzi, kenaka inayo. Mbatata anali atatalika kufika pa chigongono, mimba ili phwasa pamwala wake wofunda. Dzanja ankakweza mwa kamodzikamodzi, mwina kukabwera mlendo wamtali. Kuntchito anawauza kuti malo awo alipo, ayambe mwezi wa Meyi, maola ochepa kaye.

Mwezi womwewo Nthanda anapeza chipinda m'nyumba ina ku Oshawa, yogawana ndi mnzake wa m'kalasi dzina lake Vanessa, ndipo mwini nyumba analola ziweto za m'bokosi. Anaimba mosangalala kuti tsopano awalandira katundu uja. A Medson anati chabwino, n'kukhala kanthawi foni ili m'manja itazima kale.

Bokosi ndi nyale anakazitula a Boniface pa galimoto Lachisanu. Mbatata anamuperekeza a Medson okha Loweruka pa sitima, ali m'katoni yokulirapo. Atafika sanafune tiyi. Anayendera chipinda chonse, kuyang'ana kumene dzuwa limalowera, kumene chitseko chimatsegukira, ndi galasi lodziyang'anira limene linali moyang'anizana ndi tebulo. Anauza atsikanawo kuti galasilo lichoke pamenepo. Anamata okha mapepala a khaki atsopano. Kenaka anamufotokozera Vanessa, amene ankamvetsera manja ali kumbuyo, kuti akaona dzanja lakwera asaganize kuti akupatsidwa moni, abwerere m'mbuyo pang'ono n'kutsika.

Mbatata atamuika m'bokosi anayang'ana malo achilendowo, anayang'ana Vanessa, n'kukweza mwendo wakutsogolo pang'onopang'ono. Vanessa anagwada pomwepo. Nthanda anaseka, koma bambo ake sanaseke. Anadikira mpaka mwendowo utatsika ndi kanyamako katakwera pamwala.

Nthanda anawaperekeza ku siteshoni. Anawauza kuti azibwera, sitima si yovuta, ndipo iwo anati aona mmene ntchito ikhalire. Anakwera manja ali opanda kanthu, osadziwa kuti awaike pati. Anakhala kumbali ya windo, anasamukira mpando wina, kenaka anakwera chipinda chapamwamba cha sitimayo.

Sitima itaima pa siteshoni yawo ku Scarborough, anaona zitseko zikutseguka, anthu akutsika, zitseko zikutsekeka. Anatsikira m'tauni penipeni. Kunali kofunda, anthu atadzaza m'misewu atavula majekete, ndipo anayenda pakati pawo akutsimphina pang'ono, kudutsa mabanki otseka ndi tisitima ta mumsewu tolira belu, mpaka bondo linayamba kuwakumbutsa. Anatsamira pa mpanda wachitsulo n'kuimbira kunyumba.

"Mwafika kuti?" anafunsa a Selina.

"Ndili m'tauni. Ndapitirira."

A Selina anangofunsa kuti, "Mwana mwamusiya bwanji?"

"Ali bwino. Onse awiri ali bwino. Chipinda chake n'chowala."

"Chabwino. Pobwera mugule anyezi, ndipo mukwere sitima ya pansi pa nthaka, musayende wapansi ndi mwendo umenewo."

A Medson anavomera. Khomo lotsikira ku sitimayo linali tsidya lina la msewu, koma anaona kuti lotsatira silili kutali kwenikweni, n'kuyamba kuyenda.